Koyilo yoziziritsira mowa yachita dzimbiri lobiriwira, ndiitaye?

Funsoli lachokera kwa achimwene ena a ku Lizulu, ndalifupikitsa pang'ono. Akuti: "Ndinayamba chaka chatha kufulula mowa pakhomo, uja wa chimera cha barele ndi ma hops, malita 20 ulendo umodzi. Alamu anga anandibweretsera wort chiller ya kopa kuchokera ku Johannesburg, ija yozungulira yomwe timaiviika mpoto. Poyamba zimayenda bwino koma pano yachita madontho obiriwira, ndinainyika mu Jik usiku wonse ndiye yangoda bii. Komanso imatenga pafupifupi ola lathunthu kuti wort izizire, ndipo maulendo awiri omalizawa mowa unasasa. Ndiitaye ndigule ina?"

Achimwene, musaitaye ayi. Kopa safa wamba, koyilo imeneyo ikhoza kukugwirirani ntchito zaka ndi zaka, chofunika ndi kuitsuka kamodzi mwamphamvu kenako kusintha kasamalidwe kake basi. Kwa omwe izi nzachilendo, wort ndi madzi otsekemera a chimera omwe timaphika pamodzi ndi ma hops, timaluwa topatsa mowa kuwawa ndi fungo, tisanathiremo yisiti, ndipo koyiloyo ndi paipi ya kopa yomwe mkati mwake mumadutsa madzi ozizira kuti wort izizire msanga. Ine yanga ndinapinda ndekha kuno ku Dedza, paipi ya kopa yatsopano yamamita 15, kukula kwake 3/8 inchi, ndinaizunguliza pa ndowa ya penti ndipo mpaka lero ndi yomweyo, sinabowokepo olo kamodzi.

Ndiyambe ndi nkhani ya Jik chifukwa ndi imene yandidetsa nkhawa kwambiri. Bulichi ndi kopa sizigwirizana. Klorini amene ali mmenemo amadya kopa, ndi chifukwa chake yadayo, ndipo chikuda chimenecho sichimamatira bwino, chikalowa mu wort yotentha chimasungunuka nkupita mu mowa wanu. Olo pa poto wa stainless steel bulichi akakhalitsa amaboola timaenje tating'onoting'ono tosaoneka bwino ndi maso. Komanso bulichi akatsalira pang'ono pokha nkukumana ndi wort, mowa umatuluka ndi fungo ngati la mankhwala a kuchipatala, lija loti olo mutausunga miyezi silichoka. Ndiye Jik musiyireni kuchapira ndi kukolopera. Chinanso chomwe ndikupemphani mumvetsetse, poti ndikuuzani zogwiritsa ntchito viniga: musadzasakanize viniga ndi bulichi, olo mu beseni lomwe munali bulichi musanalitsukuluze, zimatulutsa mpweya wa klorini womwe umapweteka mapapo. Choncho musanayambe chilichonse tsukuluzani koyiloyo ndi madzi ambiri, kawiri katatu, mpaka fungo la Jik litatheratu.

Tsopano mitundu ya kopa, apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonekera. Kopa watsopano amawala ngati ndalama yatsopano, akakhalitsa amazimirira nkukhala wofiirira ngati khofi wa mkaka. Kufiirira kumeneko si litsiro ayi, ndi kachikopa kopyapyala komwe kopa amadzikuta nako yekha akakumana ndi mpweya, ndipo kamathandiza kuti kopa wambiri asasungunukire mu wort. Ameneyo musalimbane naye. Wobiriwirayo ndiye woipa. Dzimbiri lobiriwira kapena lobiriwira mopita ku buluu, azungu amati verdigris, limabwera kopa akakhala ndi chinyezi pamodzi ndi zotsalira za wort kapena asidi, limasungunuka msanga mu zinthu zowawasa ndipo wort yathuyi ili ndi asidi pang'ono, pH yake, muyeso wa asidi, imakhala cha m'ma 5.2. Likalowa lambiri mthupi limapweteka mmimba, kuchititsa nseru ndi kusanza, ndiye koyilo ikakhala ndi dontho olo limodzi lobiriwira isalowe mpoto mpaka mutalichotsa. Mukayang'anitsitsa yanuyo mupeza kuti madonthowo ali pakati pa mizere, pomwe paipi imagundana ndi inzake, ndi pansi penipeni, chifukwa ndi mmene timasamba ta hops timakanirira nkukhala tonyowa masiku angapo. Yanga inandichitapo zomwezo nthawi ya dzinja, ndinaiika mu thumba la pulasitiki isanaumitsitse, patatha masabata atatu nditatulutsa ndinapeza kamzere kobiriwira kuzungulira mzere wapansi wonse, pomwe timadzi tinadikha, ndikapaka chala chimatsala ndi ufa wobiriwira.

Kuchotsa kwake sikovuta. Gulani viniga woyera wamba, uja wa 5 peresenti wothira mu chipisi, mnyowetseni pa kansalu kapena siponji nkumapukuta paliponse pobiriwira ndi pakuda, pakati pa mizere lowetsani mswachi wakale, mukhoza kukanula mizereyo pang'ono ndi manja kopa ndi wofewa. Ngati viniga palibe mandimu amagwiranso, dulani pakati nkuviika mu mchere pang'ono, kwechani. Poti yanu yada yonse, ndibwino muinyike yonse mu ndowa ya madzi ofunda momwe mwathira makapu awiri kapena atatu a viniga, isiyeni mphindi 20 mpaka 30, muona ikuyera yokha ndipo madziwo asintha mtundu. Madzi amenewo tayani kutali ndi ziweto ndi dimba la ndiwo. Kenako, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, tsukuluzani kwambiri ndi madzi oyera nkupukuta ndi nsalu youma pompo, chifukwa viniga yemweyo akaumira pa kopa ndi amene amabereka zobiriwira zatsopano, mukhoza kudzuka mawa nkupeza zabwereranso. Sitiliwulu ayi, amakala kopa ndipo amasiya tizitsulo tomwe timachita dzimbiri. Polishi wa zitsulo uja wowalitsira zigwiriro za zitseko nayenso ayi, amasiya mafuta ndi mankhwala omwe simungafune kumwa.

Ikayera choncho musathamangire kufulula tsiku lomwelo. Ipachikeni pouma masiku angapo izimirire yokha, kapena iwiritseni kaye mu madzi wamba mphindi 15 nkutaya madziwo. Viniga si wa tsiku lililonse, ndi wa pomwe zobiriwira zaoneka basi, ine chaka chimatha ndisanamugwiritse ntchito.

Katsukidwe ka masiku onse ndi kophweka koma kali ndi nthawi yake, nthawi yakeyo ndi pomwe koyilo yangotuluka mpoto, osati mawa, osati mukamaliza kudya nsima. Wort ndi madzi a shuga, ikauma imamata ngati manyuchi ndipo ma hops amakakamira limodzi. Madzi oyamba kutuluka mu koyilo aja amakhala otentha kwambiri, ine ndimawatchera mu ndowa dala, ndikangozula koyilo mpoto ndimaiponya mu ndowa imeneyo, kuigwedeza, kuipukuta ndi siponji yofewa, ngati pali pomata ndimathira kadontho ka sopo wotsukira mbale wopanda fungo lamphamvu, kutsukuluza, basi mphindi zisanu zatha. Ndiye pali mkati. Madzi amatsalira mu mizere ija ambiri kuposa mmene mungaganizire, mukaisunga choncho amanunkha ngati madzi a mchithaphwi ndipo amadya paipi kuchokera mkati. Chotsani mapaipi a pulasitiki, itembenuzeni nkumaizunguliza pang'onopang'ono madzi azitsika mzere ndi mzere, kenako uzirani ndi pampu ya njinga mpaka muzimva mpweya wokhawokha. Ipachikeni pa msomali malo opita mphepo, ikauma mukhoza kuikuta ndi nsalu kuti fumbi ndi akangaude asalowe, mu pulasitiki ayi. Kuno kwathu mu June ndi July kumachita nkhungu ndi chiperoni, zinthu sizichedwa kugwira chinyezi, nde musaisiye pa simenti pansi kapena mu sitolo momwe muli matumba a feteleza, feteleza amadya kopa koopsa.

Kupha majeremusi pa koyilo yamtundu wanuwu sikufuna mankhwala aliwonse. Kukatsala mphindi 15 kuti muphule, ilowetseni mpoto wort ili kubwata, moto ndi umene ugwire ntchitoyo. Ibwata pang'ono nkusiya chifukwa chitsulo chozizira chalowa, sonkhezerani moto ibwatenso ndipo mphindi 15 zija muziwerenga kuyambira pamenepo. Mwina mukaika themometa mudabwa kuti siikufika madigiri 100, musadandaule, Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 ndipo pamtunda wotere madzi amawira cha pa 95, kwanu ku Lizulu ndi kokweranso chimodzimodzi, kutentha kumeneko nkokwanira. Koma samalani zinthu ziwiri. Koyilo ilowe ilibe madzi mkati, apo ayi madzi otsalirawo awira nkuthovoka kukamwa kwa paipi, amawotcha ndithu. Ndipo mapaipi a pulasitiki asalendewere pambali pa poto pomwe pali lawi la gasi kapena makala a pa mbaula, amafewa nkuvuka.

Zomwe zikundifikitsa pa nkhani ya kusasa kwa mowa wanu. Ine sindikukhulupirira kuti dzimbiri lobiriwira ndi lomwe linasasitsa, lija limapereka kakomedwe ka chitsulo, ngati mwaluma ndalama, osati kusasa. Kusasa ndi majeremusi, ndipo majeremusi analowa penapake wort itazizira. Malo oyamba omwe ndimawakayikira ndi polumikizira paipi ya pulasitiki ndi kopa. Ineyo zinandionekerapo, ndinamangira ndi mphira wa chubu cha njinga, kopa atatentha pulasitiki inafewa ndipo madzi a pachitsime amadontha pang'onopang'ono kutsetsereka ndi paipi mpaka mpoto, ndinazindikira wort itatsika kale pa 30, dontho lililonse likugwera pa thovu, tho, tho. Patatha sabata chidebe chonse chinali chowawasa ndi kachikopa koyera pamwamba, malita 20 ndi chimera chogula modula ndinathira kudzala. Kuyambira tsiku limenelo ndimamanga ndi makilampu a sikuluwu awiriawiri mbali iliyonse, aja amagulitsa mu mahadiweya ndi kwa ogulitsa zida za galimoto, ndipo nsonga za kopa ndinazipinda kuti zituluke kunja kwa poto nkuloza pansi, kuti olo padonthe padonthere pansi. Musanayatse moto tsiku lofulula, lumikizani zonse, tsegulani madzi, tsekani potulukira ndi chala pang'ono kuti mphamvu ikwere, yendetsani dzanja louma paliponse. Poti yanu yagona mu bulichi usiku wonse, iviikeni mu ndowa ya madzi, tsekani mbali imodzi nkupopera mpweya mbali inayo muone ngati pali potuluka thovu, mmene timapezera pantcha pa chubu.

Ngati sipakudontha, yang'anani chidebe chomwe mowa umawiriramo mutathira yisiti, makamaka ngati ndi cha pulasitiki chokalikakalika mkati, kampopi kake, ndi paipi yosamutsira mowa. Zimenezo ndi zomwe zimafuna mankhwala ophera majeremusi ngati Star San kapena a ayodini chifukwa sizilowa pamoto. Ndipo ola lathunthu poto ali yasa panja, mphepo ya August ikuuluza fumbi, tintchentche ta pa nthochi tikuzungulira, limenelo lokha ndi khomo lalikulu.

Chifukwa chake timalimbana ndi kuziziritsa msanga ndi chimenechi. Wort ikatsika pansi pa 60 majeremusi amayamba kupulumuka, ndipo pakati pa 45 ndi 30 mabakiteriya owawasitsa aja amaswana mosangalala, pomwe yisiti wanu simunathire chifukwa kukadali kotentha kwa iye, wa mowa wamtundu wa ale amafuna 18 mpaka 20, wa mtundu wa lager 10 mpaka 12. Agogo athu pofulula masese kuwawasako amakufuna, phala limagona dala kuti lisase pang'ono ndipo ndi komwe kumapatsa mowa wa kwathu kukoma kwake, nchifukwa chake sanafunepo koyilo. Wathuwu tikufuna yisiti mmodzi yekha alamulire, ndiye tiyenera kudutsa pamalo owopsa paja mothamanga. Palinso china, wort ikakhala yotentha pamwamba pa 80 koma yasiya kubwata imapitiriza kupanga mpweya wonunkha wotchedwa DMS, womwe fungo lake ndi ndendende chimanga chachiwisi chophika, ikamabwata fungolo limauluka ndi nthunzi koma ikangokhala chete limatsalira mmenemo, komanso ma hops omwe mwathira kumapeto kuti anunkhire amangosanduka owawa fungo lawo nkuthawa. Ndipo kuzizira kwadzidzidzi kumaundanitsa mapuloteni, muona timibulu toyera ngati chambiko tikuyandama kenako nkukhazikika pansi, mukationa sangalalani, ndi tomwe tikanachititsa mowa wanu kukhala wa mbuu mu galasi.

Ola lathunthu pa malita 20 ndi lalitali, ziyenera kutenga mphindi 15 mpaka 25, ndipo ndikhoza kulosera kuti mumangoiika koyiloyo nkukhala pampando kudikira. Wort yomwe yagundana ndi paipi imazizira nkukhala pompo ngati bulangeti, yotentha ili pakati ndi mmbali siifikako. Yesani izi ulendo wotsatira, gwirani paipi yotulutsa madzi, ikayamba kuzizira gwedezani koyilo mmwamba ndi pansi pang'onopang'ono, mumva pompopompo paipi ija yatenthanso mdzanja, ndiye kuti kutentha kukutuluka. Muzigwedeza choncho kapena kutakasa mozungulira ndi chipande cha chitsulo chomwe chinawira nawo mpoto, mthiko wa nsima ayi, mtengo umasunga zambiri. Musavundule mpaka thovu wort ikadali yotentha, modekha basi. Ikatsika pansi pa 60 vindikirani, pomwe pakutulukira mapaipi tsekani ndi foyilo kapena nsalu yoyera yowiritsa, nkumagwedeza muli chivindikirire.

Amayi otcheza kachasu nzeru imeneyi anaidziwa kalekale, paipi yawo imadutsa mu chigoba cha madzi ozizira ndipo madziwo akafunda amawakapa nkuthira ena chifukwa akudziwa kuti madzi ofunda saziziritsa kanthu. Ifeyo tangotembenuza, madzi ali mkati mwa paipi chakumwa chili kunja, koma lamulo ndi lomwelo, koyilo singatsitse wort kuposa mmene madzi olowawo akuzizirira. Kuno mu July mmamawa madzi a mthanki yanga ndimawapeza cha m'ma 14, kufika pa 19 nkosavuta. Mu October masana thanki yakuda ija ikawombedwa ndi dzuwa amafika 24 kapena kuposa, ndipo anzathu a kumunsi ku Golomoti, Mtakataka, Sharpevale ndi chigwa cha Bwanje ndiye kuli ng'anjo, mukhoza kutha mgolo wonse osafika 20. Nthawi imeneyo ndimapanga magawo awiri. Madzi wamba atsitse kuchoka pa 95 kufika 35, apa zimathamanga chifukwa kusiyana nkwakukulu. Kenako ndimasinthira ku ndowa ya madzi a ayezi, mabotolo a pulasitiki omwe ndawaumitsa mu fuliji masiku awiri. Kilogalamu imodzi ya ayezi posungunuka imameza kutentha kokwanira kutsitsa malita 20 ndi madigiri 4, ndiye kuchoka pa 35 kufika 20 pamapepala ndi makilogalamu 4, koma konzani 7 kapena 8 chifukwa wina amathera mu mpweya ndi mu poto. Ayezi musamuyambe pachiyambi, angosungunuka mphindi ziwiri pachabe. Kapena ingofululani mbandakucha kuti nthawi yoziziritsa ikupezeni dzuwa lisanakwere.

Madzi amapita angati? Malita 20 kuwatsitsa ndi madigiri 75, ngati lita iliyonse yodutsa ikutenga madigiri 15, ndi malita 100, zigubu zisanu za 20, nthawi yotentha zimafika zisanu ndi ziwiri. Kwa munthu wotunga pa mjigo amenewo si madzi otaya. Sanakhudze wort, ndi oyera, ndowa yoyamba yotentha ija ndi yotsukira koyilo ndi poto, zinazo kuchapira, kusamba, zikazizira kuthirira mbewu. Ana asayandikire paipi yotulutsa mphindi zoyambirira ndipo imangirireni pa ndowa isamavinevine, madzi ake amatupitsa matuza. Ngati mpopi mulibe kapena madzi asiya, ikani mgolo pa thandala lokwera mamita awiri, madzi atsika okha, pang'onopang'ono koma amagwira, ingosefani ndi nsalu pothira mu mgolomo kuti mchenga usatseke paipi. Kumapeto wort ikayandikira 30 chepetsani liwiro la madzi, kuthamangitsa pamenepo kumangotha madzi phindu lake lochepa.

Mwina wina akuuzani kuti mugule plate chiller kapena counterflow, mitundu ina ya zoziziritsira wort, poti zimaziziritsa mwachangu. Nzoona zimathamanga, koma mu zimenezo wort ndi yomwe imadutsa mkati momwe maso sangaone ndipo mswachi sungafike, zimafuna sefa ya ma hops, pampu ndi magetsi odalirika, kutsukuluza chobwerera mmbuyo pompo mukamaliza, kuzungulitsa madzi otentha a mankhwala otsukira ngati PBW, kenako kudutsitsamo wort yobwata mphindi 10 mpaka 15 musanayambe. Mukaphonya kamodzi zotsalira zimaolera mkati. Pa malita 20 ine sindikuona chifukwa, mudzaziganizire mukadzafika malita 50 kupita mtsogolo.

Kwa ena omwe akuwerenga nkumaganiza zopinda yawo, gulani paipi yatsopano kwa ogulitsa zida za mafuliji ndi ma air con ku Lilongwe kapena ku Blantyre, osati yozula mu fuliji yakufa, imeneyo inadutsamo gasi ndi oyilo. Pasakhale powotcherera ndi mtovu pamalo olowa mu wort. Yatsopano imabwera ndi mafuta a kufakitale, itsukeni ndi sopo kenako iwiritseni mu madzi a kapu imodzi ya viniga musanaigwiritse ntchito koyamba. Ndipo kopa ntchito yake ithere pa wort basi, pang'ono pomwe amasungunukira pamenepo yisiti amamugwiritsa ntchito ndipo amathandiza kuchotsa fungo la dzira lovunda, koma mowa ukawira asidi wake amakwera, pH imatsika kufika cha m'ma 4, mowa wotere usakhudzane ndi kopa, kaya kampopi kaya paipi.

Ndiye achimwene Loweruka likubwerali tsukuluzani Jik uja, viniga, kuumitsa, kuyesa thovu mu ndowa, makilampu, kenako musanaike chimera chanu pachiswe wiritsani madzi wamba malita 20 muyeserere ndi wotchi ndi themometa mdzanja uku mukugwedeza. Mundilembere mphindi zomwe zatenga komanso kutentha kwa madzi omwe akulowa, ngati zadutsabe 30 mundiuzenso kutalika kwa paipiyo, chifukwa zina zogulitsa zimakhala mamita 7 ndi theka okha ndipo theka la mizere limatsala pamwamba pa wort poto akakhala wotambalala.